Lipoti la nkhani: Kufunafuna wopereka mafuta a m'mafupa kwa mtsikana wa zaka 8 ku Mzuzu

Lipotili ndi la mtsikana wa zaka 8, wolemera makilogalamu 22, yemwe mafupa ake anasiya kupanga magazi. Matendawa kuchipatala timawatcha aplastic anaemia. Banja lake ndi la kuchigawo chapakati koma lakhazikika ku Mzuzu, ndipo dzina ndi zonse zomuzindikiritsa tazichotsa. Talembera anamwino, ma clinical officer ndi madokotala a m'mawodi a ana, chifukwa zambiri zokonza kapena kusokoneza ntchito yopeza wopereka mafuta a m'mafupa zimachitika masiku oyambirira, mwana asanaonane n'komwe ndi katswiri wa matenda a magazi.

Mmene anafikira

Mayi ake anati kwa miyezi iwiri mwanayo ankatopa msanga, kutuwa, ndi kutuluka kamfuno wosamva kutsina mphuno. Nkhama zinkatuluka magazi akamatsuka mano. Anali atamwa kale LA kawiri komanso mapilitsi a ayironi, osasintha.

Pomuyeza, zikhatho ndi m'zikope munali moyera, miyendo ili ndi timadontho tofiira tosazimirira ukatisindikiza ndi chala. Kapamba ndi chiwindi sizinali zotupa, analibe mwanabere, mafupa sankawawa. Tinayang'ananso zala zazikulu za m'manja, msinkhu, kukula kwa mutu ndi mawanga a pakhungu pofuna zizindikiro za Fanconi anaemia, matenda obadwa nawo omwe nawonso amalepheretsa mafupa kupanga magazi, ndipo sitinaone chachilendo.

Zotsatira za ku labu zinali izi: Hb (mlingo wa magazi) 4.8 g/dL, maselo oyera 1.9, ma neutrophil (maselo oyera olimbana ndi tizilombo) 0.3, mapulateleti (othandiza magazi kuundana) 7, ma reticulocyte (maselo ofiira ongopangidwa kumene) 11, zinayi zomalizazi mu ×10⁹/L. Pagalasi panalibe ma blast, maselo osakhwima oonetsa khansa ya m'magazi. Malungo, HIV ndi hepatitis B sizinapezeke. Mitundu itatu yonse ya maselo, ofiira, oyera ndi mapulateleti, ikatsika chonchi, choyamba kuganizira mwa mwana ndi khansa ya m'magazi, ndipo chosiyanitsa ndi kuona m'kati mwa fupa. Atalandira mapulateleti tinatenga aspirate (mafuta okoka ndi singano) ndi trephine (kachidutswa ka fupa) pa fupa la chiuno. Trephine ndiyo inanena zoona: fupa lodzaza mafuta wamba, maselo opanga magazi osafika 10 peresenti. Aspirate yokha siyokwanira, chifukwa ikatuluka yopanda maselo sungadziwe ngati fupalo ndi lopanda kanthu kapena singano inangokoka magazi.

Matendawa timati ndi aakulu ngati maselo m'fupa ali pansi pa 25 peresenti, komanso ziwiri mwa zitatu izi zilipo: ma neutrophil pansi pa 0.5, mapulateleti pansi pa 20, ma reticulocyte pansi pa 20. Mwanayu anali nazo zonse. Kwa mwana wotere, chithandizo choyamba ndi kumuika mafuta a m'mafupa a m'bale wake wofanana naye HLA (zizindikiro za pa maselo a thupi), ndipo zikachitika msanga ana pafupifupi 9 mwa 10 amachira.

Magazi a bambo

Tikufunsa mbiri ya magazi omwe analandira, zinatulukira kuti pachipatala chomwe anayambira anamuika thumba limodzi lochokera kwa bambo ake. Unali usiku, mwana akukha magazi, mufuriji mulibe a gulu lake. Sitikuimba mlandu aliyense: magaziwo ndi omwe anamufikitsa m'mawa. Koma ali ndi mtengo wake.

Thupi la mwana likalandira magazi a wachibale limaphunzira zizindikiro za banjalo n'kupanga asilikali olimbana nazo. Tsiku lomuika mafuta a m'mafupa a wachibale, asilikali aja amakhala atakonzeka kale, ndipo mafutawo angathe kukanidwa. Palinso vuto lina losowa koma lakupha: maselo oyera a wachibale amatha kukhazikika m'thupi la wodwala n'kuyamba kuliukira.

Kuyambira tsikulo tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku lake la kuchipatala kuti MAGAZI A WACHIBALE AYI. Achibale ofuna kuthandiza tinawatumiza ku nthambi ya Mzuzu ya Malawi Blood Transfusion Service kuti akapereke magazi opita kwa odwala ena, mwanayu azilandira a anthu osawadziwa. Izi zimafuna kufotokoza mofatsa, chifukwa kwa gadiyani wakhala pawodi masiku angapo, kumukaniza kupereka magazi kwa mwana wake kumamveka ngati nkhanza. Nthawi ya tchuthi cha sukulu magazi amachepa, popeza opereka ambiri ndi ophunzira, choncho tinkaitanitsa kukadali masiku awiri, osadikira kuti Hb ifike pansi.

"Ali ndi abale angati?"

Funso limeneli ndi lomwe limasocheretsa kwambiri. Mayi anayankha kuti asanu ndi mmodzi, ndipo sananame. Pachichewa mwana wa mayi aang'ono ndi mchimwene kapena mchemwali, palibe mawu ena omutchulira. Koma HLA siyendera mbumba. Funso loyenera ndi lakuti: amene anabadwa bere limodzi ndi mwanayu, bambonso mmodzi, ndi angati?

Titajambula mtengo wa banja papepala, asanu ndi mmodzi aja anagawika motere. Awiri okha ndi a mayi mmodzi bambo mmodzi: mlongo wake wa zaka 13, wa makilogalamu 38, ndi mng'ono wake wa zaka 4, wa makilogalamu 15. Mmodzi wa zaka 19 ndi wa banja loyamba la mayi. Mmodzi ndi wa bambo kwa mkazi wina. Awiri otsala ndi ana a mng'ono wawo wa mayi.

HLA ndi zizindikiro zokhala pa maselo, zomwe thupi limadziwira chake ndi chachilendo. Sizikugwirizana ndi gulu la magazi, moti wa gulu O angathe kupereka mafuta a m'mafupa kwa wa gulu A ngati HLA yafanana. Malangizo ake ali pa chromosome 6 ndipo amayenda ngati mtolo: mwana amatenga mtolo umodzi mwa iwiri ya bambo, wina mwa iwiri ya mayi. Tikati bambo ali ndi a ndi b, mayi c ndi d, mwana aliyense adzakhala ac, ad, bc kapena bd. Ndiye m'bale wa mayi mmodzi bambo mmodzi ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wofanana kwathunthu, iwiri mwa inayi wofanana theka, umodzi mwa inayi wosafanana konse. Abale awiri amapereka mwayi wa 44 peresenti woti mmodzi afanane, atatu 58 peresenti. Wa mayi mmodzi bambo wina sangapose theka, pokhapokha mwangozi, ndipo mwana wa mayi aang'ono mwayi wake wofika ngakhale theka lomwelo ndi umodzi mwa inayi.

Ndalama zoyezera zinali za banja lomwe, choncho tinayamba ndi anthu asanu: wodwala, abale awiri aja, mayi ndi bambo. Makolo amayezedwa pazifukwa ziwiri. Zotsatira zawo zimatsimikiza kuti mitolo ya ana yawerengedwa bwino, komanso iwowo ndi opereka ofanana theka ngati wina sapezeka. Apa pali nkhani yofunika kuinena asanapereke chilolezo, makamaka kwa mayi ali okha: kuyeza kumeneku kumatha kuonetsa kuti bambo si amene anabereka mwanayo. M'banja ili sizinatero, koma wachipatala amene sanachenjeze amadzagwira pepala lomwe sadziwa kolipereka.

Zoyeza zomwe zinaonongeka panjira

Kuyeza HLA kunachitikira ku labu ya ku South Africa. Zizindikiro zofunika ndi zisanu, HLA-A, B, C, DRB1 ndi DQB1, chilichonse pawiri, n'chifukwa chake timati 10 mwa 10. Abale ndi makolo tinawatenga magazi m'timabotolo ta EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana. Wodwalayo tinamupaka timitengo tathonje m'kati mwa masaya, popeza maselo ake oyera anali ochepa moti DNA ikanaperewera, komanso magazi omwe anangolandira akanasokoneza zotsatira.

Ulendo woyamba tinataya masabata atatu pa zolakwika ziwiri zopeweka. Timitengo tija tinatsekeredwa mu pulasitiki tisanaume. Nyengo inali ya mvula, chinyontho cha Mzuzu mukuchidziwa, ndipo pofika ku labu tinali titachita nkhungu. Kachitidwe koyenera ndi aka: mwana asadye, asamwe, asatsuke mkamwa kwa mphindi 30, pakani tsaya lililonse mozungulira kwa masekondi osachepera 30, mofatsa chifukwa cha mapulateleti, imikani timitengoto kuti tiume pamphepo osakhudza kanthu, kenaka ikani mu envelopu ya pepala.

Cholakwika chachiwiri chinali pa magazi oyezera Fanconi. Kuyezaku kumafuna maselo amoyo, chifukwa ku labu amawakulitsa n'kuwathira mankhwala a DEB kapena mitomycin C kuti aone ngati ma chromosome akuthyoka. Magaziwo amaikidwa m'kabotolo ka heparin ka chivindikiro chobiriwira, samaundanitsidwa, ndipo afike pasanathe masiku awiri kapena atatu. Athuwa ananyamuka Lachinayi atagundana ndi ayezi m'bokosi, anagona ku Lilongwe Loweruka ndi Lamlungu, ndipo anafika maselo atafa. Ulendo wachiwiri tinatenga Lolemba mbandakucha, titatsimikiza kale za ndege ya pa Kamuzu International Airport ndi mapepala otulutsira zoyeza kunja.

Kuyeza Fanconi sikodumpha ngakhale mwana aoneke bwinobwino, chifukwa ena alibe chizindikiro chilichonse chakunja. Mwana wa Fanconi akapatsidwa mlingo wamba wa mankhwala okonzekeretsa thupi kulandira mafuta a m'mafupa angathe kufa nawo, ndipo m'bale wofanana naye HLA akhoza kukhala ndi matenda omwewo asanaonekere. Tinayeza wodwala ndi abale ake awiri, onse analibe.

Kaundula wa kunja

Zotsatira za wodwala zinafika zoyamba, ndipo chipatala chomwe chikanamulandira chinafufuza m'makaundula a opereka osakhala achibale. Kuno ku Malawi kaundula wotere kulibe. South Africa ili ndi South African Bone Marrow Registry, yomwe inayamba mu 1991, ndi DKMS Africa. Onsewa amalumikizana kudzera mu World Marrow Donor Association, momwe muli anthu oposa 40 miliyoni. Mwa onsewo sanapezeke wofanana ndi mwanayu 10 mwa 10.

Sitinadabwe. Anthu a mu Africa ali ndi mitundu ya HLA yosiyanasiyana kuposa anthu a kwina kulikonse, pomwe olembetsa ambiri ndi ochokera ku Ulaya. Kafukufuku wa kaundula wa ku America wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti azungu 75 mwa 100 angapeze wofanana nawo kwathunthu, koma anthu akuda ndi osakwana 20 mwa 100.

Achibale anali atalengeza kale pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a kumpingo, ndipo anthu ambiri anadzipereka kuti ayezedwe. Tinalangiza banja kuti lisawononge ndalama pamenepo. Mwayi woti munthu wongodzipereka afanane ndi mwanayu ndi wochepa kwambiri, ndipo ndalama yoyezera anthu khumi otere ndi yomwe idzafunike pa mapasipoti ndi ulendo. Achibale okhala ku Joni tinawauza kuti kulembetsa m'kaundula ndi chinthu chabwino, bola adziwe kuti akulembetsera wodwala aliyense padziko, osati mwanayu yekha.

Zotsatira za banja

Wodwala anali ac. Mng'ono wake wa zaka 4 analinso ac, kufanana 10 mwa 10. Mlongo wake wa zaka 13 anali bc, theka.

Apa ndi pomwe thumba lija la magazi linaonekera kuipa kwake. Mtolo b ndi womwe wodwala alibe, ndipo ndi womwe unalowa m'thupi mwake ndi magazi a bambo. Ngati anapanga asilikali, ndiye ndi olimbana ndi b, kutanthauza kuti bambo ndi mlongo uja, anthu awiri amatupi aakulu omwe akanakhala odalirika ngati wamng'onoyo alephera, onse ali pachikayiko mpaka tiyeze asilikaliwo, ma antibody a HLA, m'magazi a wodwala. Wotsala wopanda chikayiko chimenechi ndi mayi. Kupereka kwa wofanana theka kumatheka masiku ano ndi njira yomwe inayambira ku Johns Hopkins ku Baltimore, yopereka cyclophosphamide, mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi, tsiku lachitatu ndi lachinayi mafuta ataikidwa, koma kwa mwana yemwe ali ndi m'bale wofanana kwathunthu imeneyi ndi njira yachiwiri.

Wopereka wa zaka 4

Kufanana kwa HLA sikutanthauza kuti ntchito yatha. Wamng'onoyo anaonedwa ndi dokotala wina, wosasamalira wodwalayo, kuti pakhale woyankhulira iye yekha. Anayezedwa HIV, hepatitis B ndi C, chindoko, kachilombo ka CMV, gulu la magazi, sickle cell ndi malungo. Chomwe chinapezeka ndi Hb ya 9.6 g/dL ndi maselo ofiira aang'onoang'ono, kusowa kwa ayironi.

Vuto lenileni linali sikelo. Malire otenga ndi mamililita 20 pa kilogalamu ya wopereka, ndiye pa makilogalamu 15 sitingapose mamililita 300. Wodwala amafunika maselo pafupifupi 3×10⁸ pa kilogalamu yake, ndiye pa makilogalamu 22 ndi 6.6×10⁹. Kuti zikwanire, mililita iliyonse ikhale ndi maselo 22 miliyoni. Mafuta a ana aang'ono amakhala ndi maselo ambiri ndipo izi n'zotheka, koma palibe zotsalira. Pa matendawa maselo akachepa mafuta amakanidwa mosavuta. Njira yokokera maselo m'magazi a pamkono sakonda kuigwiritsa ntchito pa aplastic anaemia chifukwa imachulukitsa GVHD, vuto loti maselo a wopereka amaukira khungu, matumbo ndi chiwindi cha wolandira. Choncho tinayamba kumukonza wamng'onoyo: albendazole 400 mg kamodzi, ayironi 3 mg pa kilogalamu tsiku lililonse kwa miyezi itatu, osamwera tiyi, ndi kugona mu neti usiku uliwonse. Botolo la ayironi tinalilemba dzina lake, chifukwa wodwalayo safunika ayironi ngakhale pang'ono. Thumba lililonse la magazi limamusiyira ayironi yemwe thupi silitha kutaya.

Makolo anavomera, koma anati mawu omaliza ndi a malume a anawo, mwinimbumba, omwe anabwera kuchokera kumudzi patatha masiku anayi. Funso lawo linali lolunjika: "Adokotala, ndiye tipulumutse mmodzi potaya mnzake?" Titakambirana zinadziwika kuti iwo ankaganiza za kuchotsa madzi a pamsana, komwe anthu ambiri amakuopa. Tinawagwiritsa dzanja pa fupa la chiuno chawo chomwe, kumbuyo, pomwe lamba amadutsa, kuti aone kuti ndi patali ndi mtsempha wa msana. Mwana amagonekedwa tulo, amagona chafufumimba, singano imalowa m'fupa limenelo mbali zonse ziwiri kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Amamva kuwawa masiku angapo, ndipo mafuta amabwerera m'malo mwake pakatha masabata ochepa. Sitinabise zoopsa zake: mankhwala ogonetsa, kuchepa kwa magazi mwina mpaka kufunika kuwonjezeredwa, ndi chilonda kutukusira mwa apo ndi apo. Sitinabisenso kuti wamkuluyo angathe kumwalira ngakhale zonse zitayenda bwino. Tinapempha akuluakulu onse kuti asamuuze wamng'onoyo kuti moyo wa achemwali ake uli m'manja mwake. Iye tinangomuuza kuti adzagona, adzadzuka ndi pulasitala pachiuno, amayi ali pompo.

Kumusunga wodwala podikira

Kuika mafuta a m'mafupa sikuchitika m'dziko muno. Odwala amapita ku South Africa kapena India, ndipo ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba kuchita izi kwa ana a sickle cell mu 2023. Banja liyembekezere kukhala pafupi ndi chipatalacho masiku pafupifupi 100. Wodwala amalandira cyclophosphamide 50 mg pa kilogalamu kwa masiku anayi pamodzi ndi ATG, mankhwala ena ofooketsa chitetezo cha thupi, mafutawo amalowa ngati diripi, ndipo maselo atsopano amayamba kuoneka pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi. Pobwerera amamwa ciclosporin, mankhwala oteteza ku GVHD ndi kukanidwa kwa mafutawo, kwa chaka kapena kuposa, ndipo amayambiranso katemera. Tinalemberatu chipatalacho kufunsa komwe mlingo wa ciclosporin m'magazi uzidzayezedwa mwana akabwerera ku Mzuzu, chifukwa funso limeneli limaiwalika mpaka tsiku lotsika ndege.

Padakali pano ntchito ndi yoti afike kumeneko wamoyo, atalandira matumba ochepa momwe tingathere. Maselo ofiira timamupatsa Hb ikatsika pansi pa 7, mamililita 10 pa kilogalamu. Mapulateleti timamupatsa akatsika pansi pa 10 kapena akamakha magazi. Amenewa amakhala masiku asanu okha ndipo saikidwa mufuriji, zomwe timakumbutsa aliyense wokawatenga. Pa kamfuno ndi nkhama timapereka tranexamic acid, mankhwala oletsa kukha magazi, koma osati mkodzo ukakhala ndi magazi. Jakisoni wa pamnofu ndi woletsedwa, chimodzimodzi aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, ndipo mayi tinawapatsa mayinawa papepala kuti azionetsa pogula mankhwala.

Chomwe chimapha ana ambiri otere ndi matenda olowa chifukwa chosowa ma neutrophil. Banja lili ndi choyezera kutentha kwa thupi, ndipo lamulo ndi loti chikafika 38 abwere nthawi yomweyo, usiku kapena masana, osayamba kumwetsa panado n'kudikira. Pawodi timatenga magazi oyezera tizilombo ndi malungo n'kuyamba maantibayotiki a mumtsempha ola lisanathe. Wagonekedwa kawiri motere. Kunyumba amamwa madzi owiritsa, sadya zosaphika zosasenda, ndipo sayandikira chigayo, fumbi la chimanga kapena khola la nkhuku, chifukwa nkhungu yopumira m'mapapo ndi yovuta kuichiza mwa mwana wopanda ma neutrophil.

ATG ndi ciclosporin ngati chithandizo pachokha, chomwe chimathandiza ana pafupifupi awiri mwa atatu, sitinayambe popeza wopereka alipo. Tagwirizana ndi chipatala cholandira kuti tidzaganizirenso zimenezi ulendo ukapitirira kuchedwa.

Polemba lipotili patha masabata 14 chipezekereni matendawa. Wodwala walandira matumba 8 a maselo ofiira ndi 13 a mapulateleti, ndipo awiri omaliza a mapulateleti sanakweze chiwerengero monga kale, zomwe zikutipangitsa kuganiza kuti asilikali olimbana ndi HLA ayamba. Magazi oyezera zimenezi atumizidwa pamodzi ndi timitengo tatsopano ta ana awiriwo, toyezeranso HLA kachiwiri monga chimafunira chipatala cholandira. Hb ya wamng'onoyo yafika 11.4 ndipo wawonjeza theka la kilogalamu. Kalata yopempha thandizo la ulendo ili ku komiti yotumiza odwala kunja, pasipoti ya wodwala yatuluka, ya wopereka sinatuluke.